Mchira Wasowa M'galasi

Tsiku lachitatu la ulendo ndinadzuka mtima uli m'mwamba. Panali patatha masiku awiri athunthu mwamuna amene ndimamukonda asanandiyankhe uthenga ngakhale umodzi, chonsecho ankagona chipinda chachinayi kuchokera pa changa.

Tinali pa ulendo wa kalabu ya bambo anga, kalabu ya anthu okonda galimoto zamakedzana. Chaka chilichonse amazitulutsa m'magalaja, kuzipukuta mpaka kumadziyang'anirapo nkhope, n'kuyamba kulondola gombe la nyanja yamchere kwa sabata yathunthu. Chaka chimenecho zinalipo khumi, ndipo yaing'ono pa zonsezo inkandiposa ine ndi zaka makumi awiri. Zimatsokomola, zimadontha mafuta, ina chitseko chake n'chomanga ndi lamba, koma mukamva eni ake akuzitama mungayese akunena ana awo amene akhoza mayeso.

Bambo ndiwo apampando, choncho amayenda patsogolo. Kumapeto kwenikweni kumayenda makaniko wa kalabu ndi kapikapu kake kabuluu kodzaza ndi zitsulo. Akuluakuluwo dzina lake analiiwala kalekale, amangomuti Mchira. Mchirayo ndiye wanga. Tinali titakondana mobisa kwa chaka ndi miyezi iwiri, chifukwa bambo ananenapo poyera kuti mwana wawo, mphunzitsi wathunthu, sangakakhale ndi munthu wogona pansi pa galimoto za anzake.

Ndinakhala pabedi n'kuwerenganso zimene ndinamulembera. "Wafika bwino?" Imeneyo inali ya Lolemba. "Bwanji ukundithawa maso?" Lachiwiri m'mawa. "Ngati watopa nane ungonena, sindine mwana." Lachiwiri madzulo. Foni inkaonetsa kuti zonsezo wawerenga. Ndinkaopa kuti mwina bambo atitulukira n'kumuopseza, koma chimene ndinkaopa kwambiri n'choti mwina wangosiya kundikonda.

* * *

Ndinamupeza pabwalo loimikapo galimoto, mutu uli m'boneti ya galimoto yobiriwira. Imeneyo ndi mwana wachiwiri wa bambo, ndipo masiku ena ndimakayika ngati woyamba ndine. Anaigula asanakwatire malemu mayi anga, ndipo ine ndinaphunzirira momwemo kuyendetsa, bambo ali pambali akubuula nthawi iliyonse ndikasintha giya.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" anatero osatulutsa mutu.

"Pano palibe munthu. Uphunzitsi ukubwera bwanji?"

Anaweramuka, n'kukulunga kanthu m'chisanza, n'kukaika m'thumba la ovolosi. Maso ake anali ofiira ngati sanagone.

"Lero mukwera iyi. Ndimati ndiione kaye."

"Wanena ndani? Ine ndikuyenda ndi azakhali."

"Apampando anena."

"Ndakulakwira chiyani? Ndiuze pompano, ndapota nawe. Masiku awiri chakudya sichikulowa."

Anatsegula pakamwa, koma kumbuyo kwanga kunamveka nsapato za azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene anandilera mayi atamwalira ndipo chinsinsi amachinunkhiza chikadali kuseri kwa nyumba.

"Iwe, ukutani kumafuta kuno? Tsitsi lakolo waliona? Tiye ndikakukonze."

"Tsitsi la chiyani pa ulendo wa mphepo, azakhali?"

"Lero ndiye uonekeko ngati munthu. Tiye."

Mchira anatseka boneti pang'onopang'ono, n'kupita ku kapikapu kake osacheuka.

Itakwana 8 koloko bambo anatisonkhanitsa, chipewa chawo cha ulendo chili kumutu.

"Lero tikukagona pachilumba," anatero. "Kulibe mlatho, kulibe boti. Kuli msewu wa miyala, makilomita asanu, woyalidwa pansi pa nyanja. Madzi akaphwera umaonekera, akabwerera umamira, ndipo ukamira ndi maola asanu ndi limodzi. Geti amatseka 12 koloko. Tsopano lamulo lathu."

Lamulo limenelo amalinena m'mawa uliwonse, ndipo madoda a imvi amaliyankha ngati ana anga a m'kalasi.

"Wakutsogolo si wako. Wako ndi ndani?"

"Wakumbuyo."

"Akasowa m'galasi lako?"

"Ima pomwepo."

Atatero anatulutsa makiyi a galimoto yobiriwira, imene salola munthu ngakhale kuitsamira, n'kuwapereka kwa adokotala a mano. Adokotalawo analowa kalabu chaka chatha, ndipo chilowereni sanasiye kundibweretsera maluwa amene ndinkakawaika m'kalasi. Amayendetsa atavala magulovu achikopa, ndipo akamwetulira amachita ngati akukuonetsa ntchito yawo. Anthu anaomba m'manja, ine wopusa n'kuomba nawo poyesa kuti tikusangalalira galimoto.

"Mama, iwe ukhala pambali pa adokotala," bambo anatero. "Muyenda nambala teni."

Nambala teni inali kutsogolo kwenikweni kwa Mchira. Ndinadziuza kuti ngakhale sakundiyankhula, ndizimuonako m'galasi.

* * *

Tinachedwa panjira. Choyamba tayala la galimoto yofiira linaphwa, kenako adokotala anaumirira kuti mdipiti wonse uime pakona ina pamwamba pa matanthwe kuti atijambule, ine nditatsamira boneti, iwo ataika dzanja paphewa langa. Tinafika pageti kutatsala mphindi khumi kuti atseke.

Mlonda wa pagetipo anali bambo wamfupi wopsa ndi dzuwa. Anayang'ana galimoto zathu, n'kuyang'ana kunyanja, n'kupukusa mutu.

"Akuluakulu, mphepo ya lero ikuchokera kunyanja. Ikatero madzi sadikira wotchi. Mukanagona kuno, muwoloke m'mawa."

"Sizingatheke," bambo anayankha. "Anthu akutidikira kutsidyako."

Ndinayesa akunena a kuhotela.

"Chabwino," anatero mlonda uja akukweza chitsulo cha geti. "Koma chinthu chimodzi chokha. Osaima panjira. Zivute zitani, osaima."

Tinalowa mmodzimmodzi. Msewuwo unali wongokwana galimoto imodzi, wonyowa, wa ndere zobiriwira m'mbali. Uku ndi uku kunali mchenga wonyezimira mpaka kumene maso amalekezera, ndipo m'mphepete anazikamo mapolo oyera otalika kuposa munthu. Nditafunsa ntchito ya mapolowo, adokotala anati ndi oonetsa pamene pali msewu madzi akauphimba. Ndinayang'ana pamwamba pa polo limodzi n'kuona ndere zitalendewera pamenepo.

* * *

Tinali titadutsa theka pamene ndinawaona madzi. Sanabwere ndi mafunde kapena phokoso. Ankangokwawa pamchenga mwakachetechete ngati madzi otayikira pansi m'khitchini, koma ankathamanga kuposa munthu woyenda.

"Mwakhala chete ulendo wonse," anatero adokotala. "Kapena galasilo likukuuzani nkhani zokoma kuposa zanga?"

M'kagalasi ka pachitseko changa kapikapu kabuluu kanali katayamba kuchepa. Ndinapukuta galasi ndi chala. Kanachepa, kanachepanso, kenako ndinaona boneti yake ikutukuka.

"Imani. Mchira waima."

"Akutsatira."

"Sakutsatira, watsegula boneti. Imani, adokotala."

"Si makaniko kodi? Adzikonzere. Mwamumva mlonda uja, wati osaima."

"Lamulo la kalabu likuti chiyani?"

Anaseka pang'ono, n'kuponda moto. Mawu awo anasintha, ulemu uja unathera pomwepo.

"Ukuganiza kuti sindidziwa? Ndinakuonani mwezi watha kuseri kwa galaja ya bambo ako, iwe ukumupukuta mafuta patsaya. Ndinakhala chete chifukwa ndine munthu wophunzira. Zimenezo zatha lero. Akanyowa pang'ono aphunzirapo malo ake."

"Satha kusambira."

"Ndiye akwere polo."

Ndinayang'ananso m'galasi. Munalibe kanthu, munali msewu wokha ndi madzi akuuyandikira mbali zonse ziwiri. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo dzanja langa linapita lokha. M'galimoto zakale makiyi amakhala pakati, pamene aliyense angafikire. Ndinawapotokola n'kuwazula.

Injini inatsokomola kamodzi n'kuzima. Tinayenda pang'ono ndi liwiro lotsala, n'kuima. Kunangomveka mphepo.

"Wachita chiyani?" Adokotala ananong'ona. "Iwe, wachita chiyani? Galimoto iyi ikazima itatentha silira mpaka patapita theka la ola."

Ndinkadziwa. Kalabu yonse inkadziwa matenda a galimoto yobiriwira, ndipo bambo ankaisiya ikulira ngakhale pomwa tiyi. Koma chimene sindinachiganizire chinachitika kutsogolo kwathu. Dalaivala wa nambala naini, mkulu wina wopuma pa ntchito ya uweruzi amene sanaphwanyepo lamulo moyo wake wonse, anatiyang'ana m'galasi n'kuima. Wa nambala eyiti atamuona anaima. Magetsi ofiira anayaka pa galimoto imodzi ndi imodzi mpaka kutsogolo kwenikweni, ndipo mdipiti wonse unaima pakati pa nyanja, nkhalamba makumi awiri zili m'kati. Ndinali nditawaimitsa ndine.

* * *

Bambo anabwera wapansi, akukoka bondo lawo lija losapinda, chipewa atachigwira kuti chisauluke. Pamene ankafika pa ife, madzi anali atayamba kudutsa pamwamba pa msewu, opyapyala, akunyambita nsapato zawo.

"Chavuta n'chiyani?"

"Mufunseni mwana wanu," anatero adokotala. "Wazula makiyi."

Bambo anandiyang'ana.

"Mchira wasowa m'galasi, adadi."

Anatembenuka n'kuyang'ana kumene tinachokera. Kutali, kakang'ono ngati chitini, kapikapu kanali kataima, munthu ataweramira mu injini.

"Munamuona akuima, adokotala?"

"Apampando, mlonda ananena kuti..."

"Ndafunsa ngati munamuona."

Adokotala anayang'ana kumbali. Anatulutsa foni, n'kuikweza m'mwamba, koma netiweki kunalibe. Bambo anapita pa zenera la a nambala naini.

"Lizani hutala, aliyense apite. Mlongo wanga ayendetse yanga. Lero lokha musayang'ane m'galasi."

"Tiisiye iyi, tipanikizane m'menemo," anatero adokotala, mwendo umodzi uli kale m'galimoto ya oweruza. "Ndikafika ndikaitana thandizo."

"Pitani mukaitane. Mama, nawe kwera."

"Sindikwera, adadi."

Sanandikakamize, mwina chifukwa nthawi inalibe malo a mkangano. Mdipiti unanyamuka, madzi akuthovoka m'matayala, ndipo tinatsala awiri ndi galimoto yakufa. Bambo anaisisita padenga ngati akuipepesa.

"Khala pachiwongolero, uyese. Sindikuyembekezera kanthu."

Ndinalowetsa makiyi katatu ndisanapeze bowo. Ndinapotokola. Injini inalira nthawi yomweyo, mawu ake osalala ngati yangotuluka m'galaja.

Bambo anaima chilili, pakamwa pali yasa.

"Zaka makumi atatu," anatero chapansipansi, "sinachitepo zimenezi."

Analowa mbali yanga ija n'kumenya chitseko. "Pokhotera palibe, ndipo khosi langa silitembenuka. Ubwerera chafutambuyo iweyo. Uziyang'ana mapolo."

* * *

Sindidziwa kuti tinatenga mphindi zingati. Ndimangokumbukira khosi likuwawa, polo likubwera, polo likudutsa, ndi tayala lakumbuyo likuterereka kamodzi pa ndere mpaka bambo anagwira denga. Pamene tinkafika pa kapikapu, madzi anali m'misongolo.

Mchira atandiona pachiwongolero nkhope yake inagwa.

"Mwabwereranji?" anakuwa, ulemu wonse wa pamaso pa bambo ataiwala. "Iwe, wabwereranji? Ukanakhala utafika."

Bambo anatsika n'kusuzumira mu injini ya kapikapu. Mchira anali atakulunga chisanza chonyowa pa kachitini kena kakuda, kamene amakatcha koyilo, kopereka moto ku injini. Bambo anachotsa chisanzacho. Pa kachitiniko panali kadontho ka penti yofiira, chizindikiro chimene amaika pa chitsulo chawo chilichonse.

"Iyi ndi koyilo yanga."

"Eya, bwana. Ndi imene imatentha n'kumakana kulira. Ndinasinthanitsa m'mawa, ndinaika yanga m'mwanu."

"Chifukwa?"

Mchira anayang'ana madzi. "M'mwanumo mumakwera aphunzitsi."

Funde laling'ono linamenya tayala n'kutinyowetsa mpaka m'mawondo.

"Isiye, kwera kuno," ndinamuchonderera. "Chonde, ndikuopa."

"Zitsulo zonse za malemu bambo anga zili m'menemo."

Ndinayang'ana bambo kuti amukalipire, koma iwo anali atayamba kale kumasula chingwe chokokera. Munthu wanzeru akanasiya chitsulo n'kuthawitsa moyo, koma pa atatufe wanzeru panalibe. Awiriwo anagwada m'madzi, mitu itagundana, akumanga mfundo ngati anthu amene agwira ntchito limodzi moyo wawo wonse.

Mchira anabwera pa zenera langa, madzi akudontha m'chibwano.

"Giya yachiwiri. Usasinthe, usachotse phazi pamoto, madzi angalowe m'paipi ya utsi. Mabuleki ndiponda ndine kumbuyo, iwe usawakhudze. Chingwe chikaduka usaime."

"Ndiima."

"Usaime, ndakuuza."

Tinanyamuka. Chingwe chinakoka, galimoto inabuula, ndipo kapikapu kanatsatira. Msewu sunkaonekanso. Kutsogolo kunali madzi otuwa okhaokha ndi mizere iwiri ya mapolo, ndipo chilumba chinkaoneka ngati sichikuyandikira n'komwe. Funde lililonse linkakankhira galimoto kumanzere, ine n'kumalimbana ndi chiwongolero cholemera chija manja onse awiri. Kenako ndinamva kuzizira m'mapazi. Madzi anali atalowa pansi pa chitseko.

"Adadi, tifa."

"Sitifa. Polo lakumanja likhale pafupi ndi iwe." Anapuma mwamphamvu. "Zinayamba liti?"

Ndinadziwa chimene akufunsa. "Chaka ndi miyezi iwiri."

"Usandiyang'ane ine, yang'ana mapolo."

"Ndimamukonda, adadi. Ndikanakuuzani kalekale koma ndinkakuopani."

Injini inatsokomola, mtima wanga unaima, ndinaponda moto mpaka pansi ndipo inagwiranso. M'galasi ndinaona nkhope ya Mchira, maso ali pa chingwe, madzi akuphulika mbali zonse za kapikapu. Chinthu china chinamenya pansi pa galimoto, chingwe chinakhwefuka, n'kukokanso mwamphamvu mpaka mitu yathu inagwedezeka. Ndinkalira mokweza ngati mwana, koma phazi sindinalichotse.

Kenako mphuno ya galimoto inayamba kukwera. Madzi anatsika m'zitseko, matayala anagwira konkire youma, ndipo ndinamva anthu akufuula. Ndinaima pamtunda, manja atakanirira pachiwongolero moti bambo anachita kundimasula chala chimodzichimodzi.

* * *

Akuluakulu a kalabu anatizungulira, ena akulira, ena akusisita galimoto yobiriwira ngati ndiyo yachita zonse. Bambo anawadutsa onse n'kupita kwa Mchira. Anavula chipewa, n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Zikomo, mwana wanga."

Sanamutchulepo choncho chiyambire. Ndinamva mtima wanga ukutseguka, ndipo kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti mantha onse aja anali ndi malipiro ake.

Ndipamene ndinakweza maso. Hotela inali pamwamba pa kaphiri, ndipo pakhonde pake panali matebulo oyalidwa nsalu zoyera, maluwa, ndi anthu ambiri ovala bwino amene sanali a kalabu. Pakati pawo ndinazindikira mayi awo a adokotala, amene anabwerapo kunyumba kwathu mwezi watha akuti kudzaona munda wa maluwa wa azakhali. Adokotala eni ake anali ataima pamasitepe, atavala kale jekete youma, kabokosi kakang'ono kali m'manja.

"Adadi, anthu aja ndi ndani?"

Bambo anavala chipewa chawo. Sanandiyang'ane m'maso.

"Makolo a adokotala, amalume awo, ndi abale athu ena. Anabwera dzulo. Anadzakufunsira mwezi watha, ine ndinavomera. Azakhali ako anati tikudzidzimutse, ukondwera."

"Atachita zimene achita lero zija?"

"Zimenezo ndaziona, ndipo zimene wandiuza m'madzi muja ndazimva. Koma anthu awa ayenda ulendo wautali chifukwa cha mawu anga. Sindinabwezepo mawu pamaso pa anthu, mama. Sindikudziwa kuti amayamba bwanji."

Ndinatembenukira kwa Mchira. Nkhope yake inalibe kudabwa ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse.

"Unkadziwa."

"Lamlungu azakhali anandituma kukagula maliboni omanga pagalimoto. Anati unavomera kalekale, ukungochita manyazi."

"Ndiye unakhulupirira? Osandifunsa?"

"Ndinkaopa kumva pakamwa pako."

"M'malo mwake unadzuka m'mawa n'kundikonzera galimoto yondiperekera kwa mwamuna wina."

"Ndinkafuna ufike wamoyo. Kumene ukupitako sindinakuganizire."

Azakhali anali akutsetsereka kale kaphiri kaja, akukupiza manja kuti tifulumire, ndipo pakhonde paja anthu anali atayamba kuimirira. Bambo anayang'ana kumtunda, n'kuyang'ana ife awiri. Ndinawaona akukalamba pamaso panga.

"Manja ake akunjenjemera, sangayendetse," anauza Mchira, mawu atatsika. "Umukweze ndiwe kumtundako. Ine ndibwera wapansi."

Ananyamuka pang'onopang'ono, akukoka bondo, osacheuka.

Mchira anatsegula chitseko n'kukhala pachiwongolero, zovala zake zikudonthera pampando wa bambo. Ndinalowa mbali inayo. Injini inali ikulirabe. Mantha a m'madzi aja anali atabwerera onse, ndipo tsopano panalibe mapolo oti ndiziyang'ana.

"Ukandikweza kumtundako," ndinatero, "usadzandionenso."

Anagwira giya, koma sanailowetse. Anayang'ana kumbuyo, kumene nyanja inali itatseka zonse ndipo nsonga za mapolo zokha zinkasuzumira pamwamba pa madzi.

"Nanga ndikutengere kuti?" anafunsa. "Msewu wamira."

Azakhali anagogoda pa zenera.